Phukusi la Pulogalamu: Zoyenera Kutuluka ndi Zoyenera Kutsala Pakhomo

Kuchokera pa Boma la Mangochi kukafika ku Monkey Bay, ndiponso kuoloka Shire kulowera ku Malindi, ku Namwera ndi ku Makanjira, ntchito zambiri zimene makolo athu ankazisunga m'kaundula wa pepala kapena m'mutu zalowa tsopano m'mafoni ndi m'makompyuta. Wogula usipa akulipira pa Mpamba kapena pa Airtel Money, mlendo wofuna chipinda ku Chembe akusungitsa malo ali ku Lilongwe, ndipo m'zipatala zambiri dzina la wodwala likulembedwa pa makina m'malo mwa buku. Zonsezi zimayenda ndi mapulogalamu, ndipo mapulogalamuwo amalembedwa ndi anthu, ena mwa iwo ana athu omwe adaphunzira ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu. Pakati pa amisiri ameneŵa pali nkhani imene imaoneka yochepa, koma imene yaphunthwitsa ngakhale akatakwe a ntchitoyi: pamene munthu atumiza ntchito yake kuti ena akaigwiritse, ndi mafayilo ati oyenera kupita, ndipo ndi ati oyenera kutsala? Tasonkhanitsa pano mafunso amene woyamba kumene angafunse, pakuti safunsa adadya phula.

Kodi phukusi la pulogalamu n'chiyani, nanga limasungidwa kuti?

Palibe mmisiri wa mapulogalamu lero amene amalemba ntchito yake yonse yekha kuyambira pachiyambi, pakuti zambiri zimene pulogalamu imafuna, monga kuwerengera masiku, kutumiza uthenga pa foni kapena kulumikizana ndi banki, anzake adazilemba kale naziika poyera kuti aliyense atenge mwaulere. Kachigawo kotere kakamangidwa pamodzi, n'kupatsidwa dzina ndi nambala, n'kuikidwa pamalo pamene ena angakatenge, ndiye phukusi limenelo. Ndipo malo osungira maphukusiwo ndi nkhokwe zikuluzikulu za pa intaneti, ziyankhulo zambiri za makompyuta zili ndi zakezake. Olemba m'chiyankhulo cha JavaScript ali ndi npm, imene Isaac Schlueter adaiyambitsa m'chaka cha 2010, ndipo kampani ya GitHub, kumene amisiri amasunga ntchito zawo pa intaneti, idaigula mu 2020. A Python ali ndi PyPI, a PHP ali ndi Packagist, a Ruby ali ndi RubyGems, ndipo a Rust ali ndi crates.io. Mu npm mokha muli maphukusi oposa 2 miliyoni.

Tsono phukusi limodzi limadalira ena, enawo nadaliranso anzawo, kotero kuti mnyamata wa ku Mangochi akalamula kompyuta yake kuti itenge phukusi limodzi lokha, angaone maphukusi mazanamazana akutsika motsatizana, ochokera kwa anthu amene sadzawaona ndi maso mpaka kalekale. Chilichonse chimene anthu amenewo adamanga m'maphukusi awo, chofunika ndi chosafunika chomwe, chimafika pa kompyuta yake.

Nanga mafayilo a makonzedwe amene tikunenawa ndi ati?

Pamene mmisiri alikulemba pulogalamu, amakhala ndi zida zomuthandiza: china choyang'anira kuti kalembedwe kake kakhale kolongosoka, china choyesa ngati pulogalamuyo ikugwira ntchito, china cholumikizira ku seva. Chida chilichonse chimafuna kafayilo kochiuza mmene chigwirire ntchito pa kompyuta ya mmisiriyo, ndipo timafayilo timeneti timaunjikana m'foda imodzi ndi pulogalamu yeniyeniyo. Maina ake ndi onga .editorconfig, .eslintrc, .prettierrc ndi .travis.yml, pamodzi ndi mafoda onga .github, .vscode ndi .idea. Ambiri a maina ameneŵa amayamba ndi kadontho, ndipo pa makompyuta a Linux ndi a Apple fayilo yoyamba ndi kadontho simaoneka munthu akangotsegula foda mwachizolowezi, n'chifukwa chake mwini wake amaiwala kuti iliko.

Mafayilowa ali a mitundu iwiri. Ena ndi opanda ngozi, angolemeretsa katundu; koma ena, monga .env, .npmrc, ndi database.yml ya m'mapulogalamu a Ruby on Rails, amasunga mapasiwedi ndi makiyi otsegulira maseva, makaundula ndi maakaunti a ndalama. Mwini chilimira wa ku Msaka kapena ku Makawa akamatumiza usipa wouma ku msika wa Limbe, amathira m'thumba usipa wokhawokha. Thandala loyanikapo, nyali zowedzera usiku ndi ukonde womwe zimatsala padoko, chifukwa wogula sazifuna ngakhale kuti popanda izo usipawo sukadapezeka. Ndipo buku lolembamo ngongole za alovi ake ndi kiyi wa nyumba yake sangazilowetse m'thumbamo ali wamaso. Mafayilo a makonzedwe ali chimodzimodzi: adathandiza popanga, koma wolandira alibe nawo ntchito, ndipo ena mwa iwo sayenera kuonedwa ndi mlendo.

Ngati mwini sawafuna m'phukusi, amalowamo bwanji?

Amalowamo chifukwa cha lamulo limene chida chomangira phukusi chimatsata pamene mwini sadanene kanthu. Titenge npm. Munthu akalamula kuti phukusi lisindikizidwe, npm imatenga zonse zili m'foda, kupatula zochepa zimene idaikidwiratu kuti izisiya nthawi zonse, monga .git, node_modules, .npmrc, .DS_Store ndi package-lock.json, ndipo kupatulanso zimene mwini adazitchula m'fayilo ya .npmignore, kapena, ngati fayilo imeneyo palibe, m'fayilo ya .gitignore, imene imatchula zosayenera kupita pa GitHub. Taonani kuti .env, imene anthu ambiri amasungamo zinsinsi zawo, sili pa mndandanda wa zosiyidwa nthawi zonse.

Msampha uli apa. Tiyerekeze kuti mtsikana wina pa Boma walemba kaphukusi kothandiza malo ogona alendo kulandira malipiro a pa foni. Poyesa ntchito yake waika kiyi wa akaunti mu .env, ndipo monga munthu wosamala walemba dzina la .env mu .gitignore, kotero kuti pa GitHub chinsinsicho sichioneka, ndipo phukusi lake loyamba lituluka loyera. Patapita miyezi aona kuti foda ya zithunzi ikulemeretsa phukusi, napanga fayilo ya .npmignore, nalembamo dzina la foda imodziyo. Kuyambira pomwepo npm ileka kuwerenga .gitignore, chifukwa .npmignore ikapezeka imalowa m'malo mwake kotheratu, siiwonjezera. Ndipo phukusi lotsatira lituluka lopepuka ndithu, koma litanyamula .env ndi kiyi wake. Palibe uthenga womuchenjeza, pulogalamu igwira ntchito bwino lomwe, ndipo mtsikanayo agona tulo ali wokondwa kuti wakonza zinthu.

Timafayilo topanda chinsinsi, popeza n'tating'onoting'ono, tikuvutitsa yani?

Kafayilo kamodzi sikalemera, koma phukusi silitsitsidwa kamodzi. Phukusi lonyamula makilobayiti 100 osafunika likatsitsidwa ka miliyoni imodzi pa sabata, ndipo alipo maphukusi ambiri amene amatsitsidwa koposa apo, ndiye kuti magigabayiti 100 ayenda m'mawaya popanda phindu. Chulukitsani ndi maphukusi mazana amene pulogalamu imodzi imadalira, ndipo muona kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Wolemba amene ali ku San Francisco kapena ku Berlin, kumene intaneti ya m'nyumba salipira poyeza, mtolo umenewu saumva. Amene amaumva ndi mnyamata wa ku Makanjira amene walumikiza laputopu yake ku foni, wagula bandulo ndi ndalama ya ganyu, netiweki ikubwera n'kuchoka, ndipo akupemphera kuti zonse zitsike magetsi asanathime. Pakuti kutsitsa kukadukira panjira, mabayiti amene adalipira kale sabwezedwa.

Palinso vuto lina loposa kulemera. Zida zina zimayendayenda m'mafoda kufunafuna mafayilo a makonzedwe, ndipo zikapeza fayilo ya mlendo zimaimvera monga ngati ndi ya mwini nyumba. Izi zidasautsa ogwiritsa ntchito React Native m'zaka zake zoyambirira, pamene fayilo ya .babelrc yotsalira m'phukusi la munthu wina inkachititsa kuti pulogalamu yonse ikane kumangika, ikufuna zida zimene zidali pa kompyuta ya wolemba phukusiyo yekha. Munthu ankataya tsiku lathunthu kufunafuna cholakwa m'ntchito yake, pamene cholakwacho chidabwera ndi katundu wa mnzake.

Kodi zidachitikapo kuti zinsinsi zidatuluka mwa njira imeneyi?

Zidachitika kawirikawiri, ndipo kwa anthu odziwa ntchito. M'chaka cha 2015 Nikita Skovoroda, mmodzi wa othandiza pa ntchito ya Node.js, adasanthula maphukusi a mu npm ndi zina zoikidwa poyera, napeza mapasiwedi ndi makiyi ambiri amene eni ake adawasindikiza osadziwa, ena mwa iwo opereka mphamvu yosintha maphukusi otchuka amene anthu miyandamiyanda amadalira.

Mu June 2024 akatswiri a kampani ya JFrog adapeza kiyi wa GitHub wokhala ndi ulamuliro pa nkhokwe za chiyankhulo cha Python chenichenicho, za PyPI, ndi za bungwe la Python Software Foundation. Kiyiyu adali m'chithunzi cha Docker choikidwa poyera, ndiko kuti mtolo wa pulogalamu yomangidwa kale. Mwini wake adalemba kiyiyo m'pulogalamu kwa kanthawi poyesa ntchito, nafufuta pambuyo pake monga kuyenera. Koma Python imasiya timafayilo totsalira ta .pyc m'foda ya __pycache__, ndipo kamodzi ka timeneto, kamene palibe adakafuna kapena kukaganizira, kadasunga kiyiyo n'kupita naye poyera. Atauzidwa, eni ake adamupha kiyiyo m'mphindi 17 zokha, ndipo sipadapezeke umboni woti wina adamugwiritsa ntchito moipa. Koma akadayamba kumupeza wachifwamba, akadakhoza kuthira poizoni m'chitsime chimene dziko lonse limamwapo.

Nayonso kampani ya Toyota, imene magalimoto ake adzaza msewu wa Liwonde, idalengeza mu 2022 kuti gawo la pulogalamu yake ya T-Connect lidakhala poyera pa GitHub kwa zaka pafupifupi zisanu lili ndi kiyi wotsegulira seva, ndi kuti ma adiresi a imelo a makasitomala pafupifupi 296,000 adali pangozi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bwanji osangofufuta phukusilo munthu akazindikira kulakwa kwake?

Chifukwa nkhokwezi zidamangidwa dala kuti chimene chalowa chisamatuluke wamba. Mu March 2016 mmisiri wina, Azer Koçulu, atasemphana maganizo ndi kampani ya npm pa nkhani ya dzina la phukusi, adachotsa maphukusi ake onse, ndipo pakati pawo padali kena kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha. Koma popeza ntchito zikuluzikulu monga Babel zinkadalira kameneko, mapulogalamu zikwizikwi padziko lonse adakana kumangika tsiku limenelo. Kuyambira apo npm idakhwimitsa malamulo: lero munthu angachotse phukusi mosavuta m'maola 72 oyamba okha, ndiponso pokhapokha ngati palibe phukusi lina lolidalira, ndipo nambala imene yagwiritsidwa kale ntchito singagwiritsidwenso. Ku crates.io kuli lamulo lotchedwa yank, limene limaletsa ntchito zatsopano kutenga phukusi lolakwikalo, koma silifufuta zimene zili m'kati mwake.

Ngakhale nkhokwe italola kufufuta, sizingathandize kwenikweni, pakuti alipo makina ambiri amene amakopera phukusi lililonse latsopano likangotuluka, ena a makampani osunga makope awo, ena a ofufuza, ndi ena a mbala zimene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kusefa maphukusi kufunafuna makiyi. Madzi akatayika saoleka. Chotero amene wazindikira kuti chinsinsi chake chatuluka asataye nthawi ndi kufufuta: choyamba aphe kiyi wakaleyo ndi kupanga watsopano, asinthe pasiwedi, ayang'ane m'kaundula wa seva ngati mlendo adalowamo, auze onse okhudzidwa, ndipo pambuyo pake ndiye akonze phukusi.

N'chifukwa chiyani ena akuti chida chizisiya mafayilowa chokha, mwini asanalamule?

Pali njira ziwiri zosankhira katundu. Yoyamba ndi yakuti zonse zipite, kupatula zimene mwini waletsa. Yachiwiri ndi yakuti pasapite kanthu, kupatula zimene mwini watchula. Munthu ndi woiwala, ndipo adzaiwala m'njira zonse ziwiri, koma malipiro a kuiwalako ndi osiyana kutalitali. M'njira yachiwiri, akaiwala kutchula fayilo yofunika, phukusi limakana kugwira ntchito nthawi yomweyo, woyamba kulitenga amadandaula, mwini nakonza, natulutsa lina tsiku lomwelo, ndipo chotayika ndi ola limodzi ndi manyazi pang'ono. M'njira yoyamba, akaiwala kuletsa fayilo yachinsinsi, zonse zimayenda mwakachetechete, palibe wodandaula, ndipo woyamba kuzindikira angakhale wakuba.

Ndiponso tidziwe kuti anthu ambiri sasintha zimene chida chidabwera nazo. Wophunzira amene akusindikiza phukusi lake loyamba sanawerenge mabuku onse a npm, ndipo ndi iye amene ali pangozi koposa. Chotero lamulo lachikhazikitso la chida ndilo limalamulira maphukusi ochuluka, osati nzeru za akatswiri ochepa. Chida chabwino chiyenera kupangidwa poganizira munthu wotopa, wofulumira, amene akugwira ntchito usiku batire itatsala pang'ono kutha, kuti ngakhale iyeyo akalakwa, kulakwa kwake kukhale kokonzeka. Pa chifukwa chimenechi maganizo athu ndi akuti khomo liyenera kukhala lotseka, ndipo chotuluka chituluke poitanidwa ndi dzina.

Ngati zili choncho, bwanji eni zidazi sadasinthe kalekale?

Chifukwa walira mvula walira matope, ndipo otsutsa ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. Yoyamba ndi yakuti alipo maphukusi amene katundu wawo weniweni ndi mafayilo a makonzedwe omwewo: ena ntchito yawo ndi kugawa malamulo a kalembedwe kuti gulu lonse lizitsata, ena ndi oyambitsira ntchito yatsopano, amene amaikira munthu mafayilo onse oyambira m'foda yake. Chida chikayamba kutaya mafayilo otere chokha, maphukusi ameneŵa athyoka. Zoterezi zilipo kale: popeza npm simanyamula .gitignore monga fayilo wamba, olemba Create React App adachita kuitcha gitignore, yopanda kadontho, kuti idutse, ndipo pulogalamu yawo imabwezera dzina lenileni ikafika kwa wolandira.

Yachiwiri ndi yakuti zida zatsopano zimabadwa chaka ndi chaka, chilichonse ndi kafayilo kake, kotero kuti mndandanda wa zoletsedwa sudzakwanira. Wousunga adzakhala akuthamangira m'mbuyo masiku onse, ndipo anthu, pokhulupirira kuti chida chikuwateteza, adzaleka kuyang'ana okha. Yachitatu ndi ya anthu a Debian ndi Fedora, amene amatenga maphukusi a ena ndi kuwamanganso, ndipo amafuna mafayilo oyesera pamodzi ndi makonzedwe ake kuti atsimikize kuti zimene akugawa zikugwira ntchito. A Python adayesa kukhutiritsa mbali zonse pogawa phukusi pawiri: sdist, yonyamula zofunika pomanga, ndi wheel, yonyamula zofunika pogwiritsa ntchito zokha.

Mfundo zimenezi zikutiphunzitsa kuti kusintha kuyenera kuchitika mwadongosolo, polengezeratu, pa kutulutsidwa kwakukulu kwa chida, ndi posiya njira yoti wofuna fayilo yotere aitchule. Komanso kuti kutalikitsa mndandanda wa zoletsedwa ndi mankhwala ochepa mphamvu poyerekeza ndi kufunsa mwini aliyense kuti alembe zololedwa.

Kodi phukusi likasiyana ndi zimene zili pa GitHub, sipangabisale chinyengo?

Funso ili ndi lolemera, ndipo yankho lake tilipeza pa nkhani ya xz, pulogalamu yopanikizira mafayilo imene ili m'makompyuta ambiri a Linux. Mu March 2024 Andres Freund, mmisiri wogwira ntchito ku Microsoft, adaona kuti kulowa m'kompyuta yake yoyesera kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo posafuna kungonyalanyaza, adafufuza mpaka adapeza khomo lobisika m'matulutsidwe a 5.6.0 ndi 5.6.1, loikidwa ndi munthu wodzitcha Jia Tan, amene adakhala zaka zoposa ziwiri akudzionetsa wothandiza kufikira adapatsidwa udindo. Fayilo imene inkadzutsa chiwembucho, build-to-host.m4, idali m'phukusi logawidwa lokha, yobisala pakati pa mafayilo ambirimbiri omangira amene palibe amawawerenga. M'nkhokwe ya Git imene anthu ankayang'ana mudalibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro lake lili pawiri. Phukusi lodzaza ndi mafayilo osawerengedwa ndi malo abwino obisalamo choipa, pamene phukusi la mafayilo khumi munthu angaliwerenge lonse. Koma phukusi lizisiyana ndi gwero lake mwa kuchotsa kokha, ndipo lamulo lochotsera lilembedwe poyera, kuti aliyense athe kumanga yekha ndi kupeza zofanana. Pofuna kulimbitsa zimenezi, m'chaka cha 2023 npm idayambitsa umboni wosonyeza gwero la phukusi ndi makina amene adalimanga, ndipo PyPI idayambitsa njira ya Trusted Publishers, yolola kusindikiza popanda kusunga kiyi wokhalitsa m'fayilo iliyonse.

Ife a ku Malawi, amene sitisindikiza maphukusi ambiri, zikutikhudza bwanji?

Zikutikhudza kwambiri, pakuti dziko lathu si mlendo pa ntchito imeneyi. Kuyambira m'chaka cha 2001, pamene Gerry Douglas ndi anzake adaika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ntchito imene idakula n'kukhala Baobab Health Trust, amisiri a Chimalawi akhala akulemba mapulogalamu osunga mbiri ya odwala, makamaka olandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo ambiri a mapulogalamuwo ndi a Ruby on Rails. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'maboma onse, Mangochi yemwe, kudzera mu DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo. Pamakina otere, kafayilo kamodzi kosunga pasiwedi ya kaundula ndiko kaima pakati pa mlendo ndi chinsinsi cha mayi wa ku Lungwena amene matenda ake sadauze ngakhale apongozi ake.

Ndiponso phukusi si la mu npm lokha. Mmisiri akapanikiza foda yonse n'kuitumiza kwa kasitomala pa WhatsApp, akaikopera pa fulashi kupita nayo ku ofesi ina, akaikweza yonse pa seva ya webusaiti, kapena wophunzira akapereka ntchito yake ya chaka chomaliza kwa aphunzitsi, onsewo amanga phukusi, ndipo .env ndi foda ya .git zimapita nawo limodzi. Malamulo a dziko nawonso salinso chete: pali lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndi la Data Protection Act la 2024, limene lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira chitetezo cha mbiri za anthu, ndipo limafuna kuti wosunga mbirizo azitchinjirize ndi kunena zikatuluka. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kukambidwa kumene amisiri athu amasonkhana, monga pa misonkhano ya bungwe la ICTAM imene imachitikira kunyanja kuno, ndiponso m'makalasi a chaka choyamba.

Tsono mmisiri achite chiyani lero, posadikira kuti zida zisinthe?

Wa npm alembe m'fayilo ya package.json gawo lotchedwa files, natchulemo mafoda okhawo amene wolandira akuwafuna. Npm idzawonjezera yokha package.json, README, LICENSE ndi mafayilo oyambitsira pulogalamu otchulidwa mu package.json, ndipo zina zonse zidzatsala, ngakhale fayilo imene chida chatsopano chidzabweretse chaka chamawa. Asanasindikize alamule npm pack --dry-run, lamulo limene limaonetsa dzina ndi kukula kwa fayilo iliyonse yolowa m'phukusi popanda kutumiza kanthu, ndipo awerenge mndandandawo mzere ndi mzere, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wa Rust ali ndi gawo la include ndi lamulo la cargo package --list. Wa PHP alembe export-ignore pa mafayilo otsala mu .gitattributes, wa Python ayang'ane MANIFEST.in kapena pyproject.toml, natsegule sdist ndi wheel yomwe kuti aone za m'kati. Wa Docker asamange chithunzi popanda .dockerignore, ndipo mmenemo musasowe .env, .git ndi __pycache__.

Za zinsinsi, nzeru yoposa ndi yakuti zisakhale m'foda ya pulogalamu n'komwe ngati n'kotheka. Wolandira apatsidwe fayilo yachitsanzo, monga .env.example kapena database.yml.example, yokhala ndi maina a zofunika koma yopanda makiyi enieni, kuti adzazemo ake. Kiyi woyesera asiyane ndi kiyi wa ndalama zenizeni, ndipo aliyense apatsidwe mphamvu zochepa zokwanira ntchito yake. Pamene pali anthu awiri kapena atatu, wina amange phukusi, wina awerenge mndandanda, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo diso la mwini limadumpha zimene lidazolowera.

Inu aphunzitsi, musalandire ntchito ya wophunzira musanamufunse kuti aonetse zimene zili m'phukusi lake. Inu olemba ntchito amisiri, m'zipatala, m'mahotela ndi m'mabungwe a asodzi, funsani kumene makiyi anu akusungidwa ndi amene ali nawo. Ndipo inu amisiri, tsegulani lero lomwe phukusi limene mudatumiza komaliza, muwerenge maina a mafayilo onse, obisika omwe. Mukapezamo kiyi, mupheni dzuwa lisanalowe.